Jakisoni Pamimba, Mphini Kumsana

Mimba zanga zitatu zoyamba zinachoka m'mwezi wachisanu, zonse zitatu. Kamwana kankayamba kugunda bwinobwino, ine n'kuyamba kusoka timalaya mobisa, kenako tsiku lina zii. Pakapita masiku ochepa msana wayamba, magazi ayamba, basi ndapita padera. Amati wopita padera salira mokweza chifukwa si maliro. Amene anayambitsa mawu amenewo ndikanakonda nditakumana naye maso ndi maso.

Ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo amuna anga ankakonza makina ku fakitale. Tinkakhala m'nyumba ya kampani kumapeto kwa laini, moyang'anana ndi munda wa tiyi. Chiyambire pulayimale yaulere ana ankadzaza m'kalasi mpaka ena kukhala pawindo. Ndiye tangoganizani, tsiku lonse ndili pakati pa ana a eni, kuwapukuta mamina, kuwaleretsa ndewu, madzulo n'kubwerera kunyumba yoti zii ngati tchalitchi Lolemba. Anthu ankanditonthoza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Eetu, ngwako yemwe mpaka belu loweruka lilire. Akazi anzanga pa laini ankaitanidwa ndi mayina a ana awo, koma ine ndinali aphunzitsi kusukulu, aphunzitsi pampopi, aphunzitsi ndi pamaliro pomwe.

Amayi anga ankakhala kumudzi kwathu ku Khonjeni. Anatchola tiyi zaka zambiri asanabwerere kukalima, zala zawo zinali zakuda ndi zong'aluka, ndipo pakamwa sankasunga mawu. Ine ndinatengera komweko. Maulendo onse atatu ndi iwo ankabwera kudzataya. Kwathu nthayo, mwana wotuluka atafa kale, saikidwa ndi amuna. Amapita naye akazi akuluakulu okha, popanda nyimbo, ndipo dzenje lake sakumba lakuya, akuti ukazamitsa watsekera mwini wake mimba mpaka kalekale. Amayi anali ndi kakhasu kawo kakutha, ka mpini waufupi, kokwana m'thumba la saka. Ndi kameneko ankakumbira, kwinakwake kuseri kwa mabulugama. Sanandionetsepo malowo, nane sindinafunse.

Itachoka yachitatu panapita zaka ziwiri ndisanaimenso. Pa kiliniki ya kampani pankabwera dokotala wina wamkazi wochokera ku Blantyre kamodzi pa mwezi, ndiye ndinapita ndili wokonzeka kukangana.

"Adokotala, ndamva kuti kuli mapiritsi othandiza kutenga pakati. Ndabwerera amenewo, zina ayi."

Iwo sanapse mtima. Anandifunsa kuti mimba zija zinkachoka pa miyezi ingati. Nditati pa isanu, zonse, ndipo amayi ankati ana ake ankatuluka aang'ono kwambiri, anaika cholembera pansi.

"Mapiritsiwo ndikhoza kukupatsani, koma tikhala tikutungira madzi m'dengu. Mutenga pakati, pachokanso. Tiyambe taona magazi anu."

Zaka zimenezo pa esiteti tinkaika maliro pafupipafupi, ndipo munthu akangomveka kuti wakayezetsa magazi, anzake ankayamba kumuyang'ana m'khosi ndi m'mapewa kuona ngati wayamba kuwonda. Choncho ine ndi amuna anga tinagwirizana kuti nkhaniyi isatuluke m'nyumba, ngakhale kwa amayi. Magazi anatengedwa ku Blantyre, akuti kuchoka kumeneko anapita ku Joni. Tinadikira. Zotsatira zitabwera adokotala anati kuyeza kamodzi sikukwanira, tidikire masabata angapo tiyezenso. Ndinatsala pang'ono kugubuduza tebulo lawo. Tinayezanso, n'kudikiranso, ine ndikuphunzitsa ana kuchotsera ndi kuphatikiza mutu uli ku Joni.

Tsiku la zotsatira zachiwiri tinalowa tonse awiri.

"Kachirombo kaja mulibe, nkhawa imeneyo ichoke," anatero adokotala. "Koma tapeza china, ndipo chapezeka kawiri konse. M'thupi mwa munthu aliyense muli asilikali olimbana ndi matenda. Ena mwa anu asokonekera, akulimbana ndi thupi lanu lomwe. Amachititsa magazi kuundana m'timitsempha ta nsengwa, pamene mwana amalandirira chakudya. Akamakula, chakudya chimaleka kumufika."

Dzina la asilikaliwo analitchula, antifosifolipidi, ndipo ndinalilemba padzanja ngati mwana wa sitandade wani. Koma chimene chinandilowa ndi china.

"Ndiye mukuti ana anga ankafa ndi njala? Ali m'mimba mwanga, ine ndikudya?"

Adokotala sanakane. Zinandiwawa kuposa tsiku lililonse la kupita padera. Zaka zonsezo mumtima ndinali nditaloza kale afiti anga: mayi wina wa pa laini, azakhali a amuna anga. Tsopano wondilodza anali magazi anga omwe, ndipo ndinalibe woti ndimutukwane.

Mankhwala analipo. Kaasipilini kakang'ono tsiku lililonse, ndipo ndikangoima, jakisoni wosungunula magazi pakhungu la pamimba, m'mawa ndi madzulo, mpaka patapita masabata angapo nditachira. "Sindikulonjezani kanthu," anatero. "Ambiri amabereka, ena ayi. Mankhwala achikuda musamwe. Mukadzicheka dziwani kuti magazi azichedwa kuleka. Ndipo mukaona magazi kumusi, musadikire mawa."

Mapiritsi ndinkafuna aja sanafunikenso. Chaka chomwecho chisanathe ndinaima. Anesi a pa kiliniki, mayi wa Sabata amene anakulira ku mishoni, anaphunzitsa amuna anga kubaya. Munthu wozolowera sipanala ndi gilizi, koma akagwira kasingano ankachita ngati wagwira njoka. "Bayani, bambo, si galimoto ya bwana iyi," ndinkatero ine, mano nditaluma. Pamimba panga panadzaza mabanga akuda ndi obiriwira ngati nthochi yogwa pa njinga. Ndinkamanga chitenje m'mwamba, ndipo kubafa ndinkapita anthu atachoka.

Mwezi wachisanu unakwana mu Febuluwale, mvula ili pakati, tiyi ataphuka moti fakitale inkalira usana ndi usiku. Kamwana kanali katayamba kugunda. Ine ndinkakhala dzanja lili pamimba, m'kalasi, pophika, paliponse. Lachisanu lina kanagunda masana, kenako sindinakamvenso. Loweruka m'mawa ndinamwa tiyi wotentha, ndinagonera kumanzere, ndinakagwedeza ndi dzanja. Zii. Amuna anga sindinawauze. Anandibaya, n'kupita kuntchito.

M'mawa womwewo amayi anatsika pa kabaza kutsogolo kwa nyumba, osatumiza ndi uthenga womwe. Mimba sindinawauze, koma mayi wako sumubisira, anali atandiona pa Khirisimasi n'kuwerenga okha miyezi. Anali ndi thumba la saka pamutu. Atalitula pakhonde, ndinaona kampini katatukula saka pakona.

"Amayi, m'thumbamo muli chiyani?"

"Ufa ndi nandolo."

"Nanga champinicho?"

Analowa nalo m'nyumba thumbalo n'kulikankhira kuseri kwa chitseko. Mutu wanga unatentha.

"Mwabwera kudzakumba? Mwana ali moyo inu mwanyamula kale khasu? Si ufiti umenewo?"

"Tseka pakamwa, iwe," anatero amayi. "Ndabwera ndi zonse ziwiri." Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa lezala latsopano, likadali m'pepala lake, ndi kabotolo ka mankhwala akuda. "Awa ndakatenga kutali, kwa mayi amene wamangira anthu ambiri mimba zothawa. Ndikutemera m'chiuno. Awa akagwira ntchito, icho chibwerera kumudzi osatuluka m'thumba."

"Adokotala anakaniza zachikuda."

"Adokotala akowo anakumbapo dzenje la mwana wako? Anamunyamulapo m'kansalu mvula ikugwa? Manja awa ataya atatu, mwananga. Atatu! Iwe umagona m'nyumba n'kumalira, amene amakaona nkhope zawo ndine. Wachinayi sindikufuna. Mawu a akulu akoma akagonera, koma ine ndatopa n'kudikira kuti agonere."

Chibadwire ndinali ndisanaonepo amayi akugwetsa misozi, ngakhale pa maliro a bambo. Tsiku limenelo inatsika, iwo osaipukuta. Ndipo m'mimba mwanga munali zii kuyambira dzulo lake. Ndinayamba kudzinyengerera ndekha: adokotala anati osamwa, uku si kumwa. Mphini ndinatemeredwapo ndili mwana, za mutu, za mwendo, kadontho kamodzi basi zatha. Za kudzicheka zija ndinkaganiza mpeni wa kukhitchini. Munthu ukamamira umagwira ndi udzu womwe.

Ndinagwada chakubedi, n'kutsitsa chitenje kumbuyo kokha, bulauzi nditaigwira zolimba kutsogolo kuti asaone mabanga aja. Amayi anali ndi dzanja lachangu. Anatema mizere iwiri kudutsa m'chiuno monse, tsetsetse, ine osamva n'kuwawa kwenikweni. Anayamba kupaka mankhwala. Kenako dzanja linaima.

"Iwe, magazi akowa bwanji?"

Anapukuta ndi nsonga ya chitenje. Anabweranso. Anapaka mankhwala ena, magazi anawakokolola. Anatenga chitenje changa cha pachingwe n'kukanikiza, pochotsa chinali chonyowa. Sankatumphuka ayi, ankangotsika mwakachetechete pa mphini iliyonse, osaleka. Ndinamva kufunda kukutsikira m'matako mpaka m'ntchafu. Nditaimirira n'kuyang'ana pansi, ndinaona chimene ndinachionapo katatu: magazi m'miyendo mwanga, madontho pasimenti. Msana unkawawa, koma sindinadziwe ngati ndi lezala kapena ndi kuwawa kuja.

"Mayo ine! Amayi, akuchokera kuti? Tayang'anani, akuchokera kuti?"

Anawerama, anayang'ana, koma paliponse panali pofiira. Chichewa chinawathawa, anayamba kupemphera m'Chilomwe.

"Ndikubayidwa jakisoni wosungunula magazi!" ndinakuwa. "M'mawa ndi madzulo! Anapeza matenda m'magazi mwanga!"

"Nanga osanena bwanji?"

"Nanga inu osamva bwanji nditakana?"

Sayirini ya nkhomaliro inalira ku fakitale tikukalipirana choncho. Amuna anga ndi amayi ankapatsana ulemu wa mkamwini ndi apongozi: akakumana panjira wina ankapatuka, ndipo moni ankapatsana wina ali pakhonde wina m'nyumba. Tsiku limenelo amayi atamva nsapato panja anatuluka n'kuwagwira pamkono ndi manja a magazi, n'kuwakokera m'chipinda. Amuna anga anayang'ana miyendo yanga, anayang'ana pansi, nkhope inagwa.

"Yapitanso?" Anangoti choncho, motsitsa.

"Sindikudziwa, bambo. Thamangani!"

Zaka zimenezo mafoni a m'manja anali a mabwana okha, ndipo ambulasi ya kampani inali itapita ku boma ndi wodwala wina. Amuna anga anaima pakati pa msewu n'kuimitsa thirakitala yonyamula masamba. Anandikweza m'ngolo pamwamba pa matumba a tiyi wonyowa, ndinagona chammbali, amayi atagwada kumbuyo kwanga manja onse awiri atakanikiza pamsana. Mvula inayamba. Thirakitala ikagwa m'dzenje ndinkamva ngati chilichonse chikutuluka. M'minda anthu otchola ankaweramuka ndi madengu awo kumsana kutiyang'ana, mzere wonse, mpaka akapitawo omwe. Chinsinsi tinasunga chija chinathera pamenepo, ndipo sindinasamale n'pang'ono pomwe.

Pa kiliniki tinapeza loko. Linali Loweruka, anesi anali kutchalitchi. Amuna anga anathamangira kumeneko mvula ikuwamenya, ife tinatsala pabenchi la pakhonde. Amayi sanachotse manja.

"Akakhala kuti wapita, ndapha ndine," ananong'ona. "Ndikauza chiyani Mulungu?"

"Khalani chete, amayi. Kanikizani."

Ndinali nditawakwiyira kwambiri, koma ndinkawamveranso chisoni, ndipo pamwamba pa zonsezo ndinali ndi mantha oti sindingathe kuwafotokoza. Ndinaika dzanja pamimba n'kumalankhula mumtima: gunda, mwanawe, kamodzi kokha. Sikanagunde.

Anesi anafika atanyamula nsapato za kutchalitchi m'manja, diresi litanyowa mpaka m'mawondo. Sanafunse zambiri. Anandigoneka, anasamba m'manja, anandipukuta miyendo ndi madzi, n'kuyang'ana kumusi nthawi yaitali.

"Kuno kulibe magazi. Njira ndi yotseka. Onsewa ndi a kumsanaku." Atanditembenuza n'kuona mizere ija anapuma mozama. "Aphunzitsi, inu? Munthu wophunzitsa ana a anthu? Ndi jakisoni amene mukubayidwayu?"

Anatsuka mankhwala akuda aja, zinawawa kuposa kutema komwe, n'kuika thonje lochindikala. Anauza amayi kuti akanikize pamenepo osasuzumira, ngakhale manja achite dzanzi. Patapita nthawi ndithu anayang'ana, n'kumata. Magazi anali ataleka.

"Anesi," ndinatero, "sakugunda. Kuyambira dzulo masana."

Anandiyang'ana, ndipo ulendo uno sanakalipe. Anandigoneka chagada n'kukweza bulauzi. Amayi ataona mabanga a pamimba anakuwa.

"Kalanga ine! Wakumenya ndani? Ndi uyu ali panjayu? N'chifukwa chake ana akuthawa!"

"Mayi, chete!" anatero anesi. "Ndikufuna ndimve."

Anatenga kalipenga kachitsulo komvera mtima wa mwana, anakaika pamimba, n'kugunditsa khutu. Mvula inkasokosa pamalata. Anasuntha kalipenga. Anamvetsera. Anasunthanso, kutsikira mmunsi, n'kutseka khutu linalo ndi chala. Ine ndinkangowayang'ana pamphumi, chifukwa nkhope ya nesi wopanda uthenga wabwino ndinkaidziwa, ndinaionapo katatu. Anasunthanso kachitatu, akukanikiza mpaka kuwawa. Ndinatseka maso.

Kenako ndinamva kanthu kakugogoda pachitsulo cha bedi. Chinali chala cha anesi, chikugunda msangamsanga, kutsatira chimene ankamva.

"Alipo," anatero. "Wangobisala kumsana. Alipo, ndipo mtima uli bwino."

Ndinalira mokweza, kulira konse kumene anandiletsa maulendo atatu aja. Amuna anga atamva panja anaganiza kuti zatha, moti anesi anachita kutsegula chitseko n'kuwauza. Atabwerera anakodola amayi. "Bwerani, ikani khutu apa." Amayi anapukuta manja pachitenje, anawerama, anamvetsera nthawi yaitali pakamwa pali yasa.

"Akuthamanga ngati wakuba," anatero.

"Mabanga mukuwaonawa ndi a jakisoni," anesi anawauza. "Amabaya ndi akamwini anuwo, m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Magazi a mwana wanu amaundana n'kutsekera mwana chakudya. Jakisoni ameneyu ndiye akumutsegulira njira. Lezala lija mukataye kuchimbudzi."

Amayi potuluka anaima kutsogolo kwa amuna anga, anagwada pasimenti yonyowa n'kuwomba m'manja. Amuna anga anasowa kolowera, nawonso anagwada.

Madzulo a tsiku lomwelo kamwana kanandimenya chidendene pansi pa nthiti, ngati sikanachite kalikonse. Ndinakatukwana.

Adokotala atabwera anandikalipira mpaka makutu kutentha, ndipo mabala anawayang'anira masabata angapo kuopa kuti angatukusire. Pa laini anthu analankhula, ena kuti ndili ndi kachirombo, ena kuti amayi anafuna kundikhwimira. Ndinkawayankha pampopi mmodzimmodzi mpaka anatopa. Amayi sanabwerere ku Khonjeni. Chimanga chawo anasiyira achemwali anga, iwo n'kupita kwa anesi kuti awaphunzitse kubaya, popeza amuna anga anali atayamba kugwira mashifiti osinthasintha. Ndinene zoona, dzanja lawo linali labwino kuposa la amuna anga. Ankatsina khungu, kubaya, kuchotsa, ine ndisanamalize n'kuluma mano komwe. Akamaliza ankafunsa mimbayo, osati ine: "Wadya, iwe?"

Mantha sanathe. Mwezi wachisanu ndi chimodzi, wachisanu ndi chiwiri, tsiku lililonse ndinkadzuka n'kuyamba ndayang'ana pansalu. Thumba lija linali pomwepo kuseri kwa chitseko. Ufa ndi nandolo zinatha, koma kampini kankaonekabe, ndipo panalibe amene ankalikhudza, ngakhale posesa.

Chakumapeto adokotala anandigoneka m'chipatala ku Blantyre kuti azindiona pafupi. Mwana anabadwa masiku ake asanakwane bwino, wamkazi, wochepa ngati botolo la mafuta ophikira, koma kukamwa kwake wadi yonse inamva. Anesi a kumeneko anati ameneyu watengera wina wake. Amayi anati sakudziwa kuti ndani.

Titabwerera ku esiteti, m'mawa wina pomusambitsa mchombo unagwa. Amayi anautola, anaukulunga m'kansalu, n'kupita kuseri kwa chitseko. Nditamva saka likukwekwesa pansi n'kuona kakhasu kaja m'manja mwawo, mtima unadumpha ndipo ndinamufinya mwana pachifuwa mpaka analira.

"Usaope," anatero amayi. "Dzuka, ulendo uno upita nawo. Mutenge mwiniwakeyo."

Sitinapite kumabulugama. Tinangozungulira kuseri kwa nyumba, pa phata la nthochi. Amayi anagwada n'kuyamba kukumba. Anakumba, anakumba, dzanja linalowa mpaka m'chigongono, iwo osaleka.

"Amayi, mwazamitsatu."

"Ndikudziwa," anatero osatukula mutu. "Uyu ngwokhala."

Anaika mchombo, anakwirira, anapondaponda ndi chidendene. Mphini zija ndili nazo mpaka lero, mizere iwiri m'chiuno, ndipo mwana wanga ali wamng'ono ankakonda kuziwerenga ndi chala ndikamasamba. Amayi anakhala nafe mpaka jakisoni womaliza. Tsiku lobwerera ku Khonjeni anapinda saka lopanda kanthu n'kulikhalira pa kabaza. Kakhasu anakasiya pakhonde, anati ndizipalira nako mpiru.